Bwalo la Milandu ndi Munthu Wamba

Mawu amene mlembi wa Bungwe lathu analankhula pa msonkhano wa pachaka, ndipo mamembala anagwirizana kuti asindikizidwe m'lipoti lino.

 Ine sindine loya, ndipo sindinakhalepo pa mpando woweruza milandu. Ndine kalaliki chabe, ntchito yanga ndiyo kulemba makalata ndi kusunga mafayilo. Koma popeza ndidziwa kuwerenga Chingerezi pang'ono, anthu a kwathu amafika kunyumba kwanga madzulo atakulunga mapepala a kukhoti m'nsalu, nandifunsa kuti, "Mwana wathu, tationerako apa, akuti chiyani?" Zimene ndaona m'mapepala amenewo ndi pa nkhope za eni ake ndizo zinandichititsa kuvomera pamene komiti inandipempha kuti ndilankhule za makhoti.

Ndiyambe ndi nkhani imene ndinaiona ndi maso anga. Mayi wina wa mudzi woyandikana ndi wathu anaferedwa mwamuna wake. Asanamete n'komwe, abale a mwamunayo anatenga njinga, makina osokera ndi malata amene banjalo linasonkhanitsa kuti lifolere nyumba. Mayiyu anakadandaula kwa amfumu, ndipo amfumu anagamula bwino kuti katundu abwerere kwa ana amasiye. Koma olandawo sanamvere. Tsono mlandu unapita ku khoti. Ulendo woyamba oimbidwa mlandu sanabwere. Ulendo wachiwiri woweruza anali atachoka. Ulendo wachitatu fayilo sinaoneke. Ulendo wachinayi mboni yake inalephera kufika chifukwa cha kusowa ndalama yokwerera. Pofika apo mayiyu anali atagulitsa mbuzi yake imodzi yokhayo kuti alipire maulendowo. Pamene ndinamukumbutsa za tsiku lachisanu, anandiyankha kuti, "Mwana wanga, ndasiyira Mulungu."

Taonani, abale anga: palibe woweruza amene anamugwetsa pa mlanduwo. Lamulo linali kumbali yake, pakuti lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011 limene tili nalo lero, linena poyera kuti kulanda katundu wa womwalira popanda chilolezo ndi mlandu, ndiponso kuti mkazi ndi ana ndiwo oyamba kusamalidwa. Chimene chinamugonjetsa ndi mtunda, umphawi ndi kudikira. Chifukwa chake funso langa lero lili pawiri: khoti ntchito yake n'chiyani, ndipo munthu wamba adzalifikira bwanji?

Mmene makolo athu anali kuweruzira

Tisaganize kuti kuweruza milandu kunabwera ndi Azungu. Makolo athu anali ndi dongosolo lawo, ndipo mbali yake ina ilipobe. Mkangano wa m'banja unali kuyamba ndi ankhoswa. Ukawakanika ankhoswa unali kupita kwa nyakwawa, ndipo ukakula unali kukwera kwa mfumu yaikulu, imene inali kukhala pa bwalo pamodzi ndi nduna zake. Bwalolo linali pamtetete, pansi pa mtengo, pamene aliyense wofuna kumva anali kukhala pansi namva. Wodandaula anali kufotokoza m'chinenero chake, woimbidwa mlandu nayankha, mboni nizinena zimene zinaona, nduna nizifunsa mafunso. Ndipo mfumu inali kulankhula pomalizira, itamva maganizo a anthu. Wolakwa anali kulipa nkhuku kapena mbuzi, ndipo cholinga chachikulu chinali chakuti anthu awiriwo athe kupemphananso moto mawa lake.

Pamenepa pali zinthu zitatu zabwino zimene tiyenera kuzikumbukira: bwalo linali pafupi, linali kulankhula chinenero cha anthu, ndipo mlandu sunali kugonera zaka. Koma tinene zoona zonse. Kapolo sanali wolingana ndi mfulu pa bwalo. Mbale wa mfumu nthawi zina anali kupulumuka pamene mlendo akanalipa. Ndipo pa milandu ya ufiti anthu osalakwa anafa ndi mwabvi, kufikira Boma linauletsa ndi lamulo la 1911. Kale linali ndi zokoma zake ndi zowawa zake, ndipo wofuna kubwerera kumeneko asankhe bwino zimene adzatenge.

Nthawi ya atsamunda

Pamene dziko lino linalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, malamulo awo anabwera nawo, ndipo mu 1902 kunakhazikitsidwa Bwalo Lalikulu loweruza motsata malamulo a ku England. Koma munthu wa kumudzi sanali kulidziwa bwalo limenelo. Iye anali kudziwa Bwana Disi, amene anali wokhometsa msonkho, wolamulira boma lonse, ndiponso woweruza milandu, zonsezo munthu mmodzi. Munthu wothawa msonkho anali kuweruzidwa ndi mwini msonkho yemweyo. Akulu anati mbuzi siingapambane mlandu pamene woweruza ndi fisi, ndipo ngakhale Disiyo akhale wabwino mtima chotani, dongosolo lotere linali lopotoka. Mu 1933 Boma linavomereza makhoti a mafumu mwa lamulo, koma Disi anali ndi mphamvu yoona mabuku awo ndi kusintha zigamulo zawo.

M'nyengo imeneyo ndimo munabadwa mabungwe onga lathuli. Loyamba linali la North Nyasa Native Association, limene linayamba mu 1912, ndipo mmodzi wa atsogoleri ake anali Levi Mumba. Anthu amenewo analibe zida, analibe mpando m'nyumba ya malamulo. Anali ndi cholembera ndi buku la maminitsi, nalembera Boma madandaulo a anthu awo mwaulemu koma mosaopa. Ife amene tasonkhana pano tili kuyenda m'mapazi awo.

Chaka cha 1959 chinaonetsa mbali ziwiri za nkhaniyi. Pa 3 Malichi Bwanamkubwa analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Anthu oposa 1,000 anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo anthu pafupifupi 50 anaphedwa, ena a iwo ku Nkhata Bay. Koma boma la Britain litatumiza woweruza Patrick Devlin kudzafufuza, iye anamva mboni za mbali zonse, ndipo lipoti lake linanena kuti sanapeze umboni wokwanira wa chiwembu chachikulu chopha Azungu chimene Boma linanena, nadzudzula nkhanza zimene zinachitika. Amene anamutuma sanakondwe nalo lipotilo. Apa tiphunzirapo kuti woweruza woona amatsata umboni ngakhale ukhumudwitse amene anamupatsa ntchito.

Makhoti amene anasanduka chikwapu

Tsono ndifika pa mbiri yowawa, imene achinyamata ambiri saidziwa. Orton Chirwa, Mmalawi woyamba kukhala loya wophunzira ku London, ndiye anatsogolera ntchito yokonza makhoti a m'madera mu 1962, pofuna kuti anthu a kumudzi akhale ndi makhoti apafupi, osiyana ndi ofesi ya Disi. Ufulu utabwera mu 1964 iye anali Nduna ya Zachilungamo, koma m'chaka chomwecho anasemphana ndi Dr Banda pamodzi ndi nduna zina, natuluka m'dziko.

Mu 1968 kunayamba kuphedwa kwa anthu usiku ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre, ndipo mantha anagwira mzinda wonse. Anthu amene anagwidwa poyamba anamasulidwa ndi Bwalo Lalikulu mu 1969 chifukwa umboni unali wosakwanira. Boma linakwiya, linasintha lamulo, ndipo kunabadwa makhoti otchedwa a chikhalidwe a m'zigawo zitatu, pamodzi ndi khoti lawo la apilo, opatsidwa mphamvu yoweruza milandu ya kupha, ndipo pambuyo pake ya kuukira boma. Oweruza a Chingerezi a Bwalo Lalikulu anatula pansi udindo chifukwa cha zimenezi. M'makhoti atsopanowo woimbidwa mlandu sanali kuloledwa kukhala ndi loya. Apilo sinali kupita ku Bwalo Lalikulu. Oweruza ake anali kuikidwa ndi mtsogoleri wa dziko, amenenso anali ndi mphamvu yowachotsa.

M'makhoti amenewa ndimo Albert Muwalo anaweruzidwa kuti aphedwe mu 1977, ndipo Gwanda Chakuamba anagamulidwa zaka 22. Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera, amenenso anali loya, anagwidwa pa 24 Disembala 1981, nazengedwa mlandu woukira boma popanda wowaimira, ndipo mu 1983 anagamulidwa kuti aphedwe. Maiko akunja atadandaula, chilangocho chinasinthidwa mu 1984 kukhala ndende moyo wonse. Orton anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Vera anatuluka mu Januwale 1993. Munthu amene anafuna kubweretsa khoti pafupi ndi anthu anaweruzidwa m'khoti lomera pa chitsa cha ntchito yake yomwe.

Ndanena mbiriyi pofuna kuti timvetse chinthu chimodzi. Makhoti amenewo anali kulankhula Chichewa, ndipo anali kuweruza msanga. Koma chilungamo munalibe, chifukwa woweruza anali kuyang'ana nkhope ya wolamulira asanatsegule pakamwa. Kufupika kwa khoti n'kwabwino, koma khoti lokhala m'thumba mwa munthu wamphamvu likafika pafupi, ndiye kuti chikwapu chafika pafupi.

Zimene malamulo a dziko alonjeza

Anthu atavota pa 14 Juni 1993 kuti pakhale zipani zambiri, makhoti aja a m'zigawo anaimitsidwa, ndipo mu 1994 tinalandira malamulo atsopano oyendetsera dziko. Malamulowa anena kuti makhoti ndi oima paokha, osalamulidwa ndi munthu aliyense kapena ofesi iliyonse, ndipo ali ndi mphamvu yothetsa lamulo lililonse kapena mchitidwe uliwonse wa Boma wosemphana ndi malamulo aakuluwo. Pansi pali makhoti a majisitireti, amene amva milandu yambiri ya tsiku ndi tsiku. Pamwamba pawo pali Bwalo Lalikulu, limene likhala ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ndipo pamwamba pa onse pali Bwalo la Apilo lotchedwa Supreme Court. Palinso khoti la milandu ya pantchito ndi makhoti a ana.

Ndipempha kuti membala aliyense asunge pamtima ndime ziwiri. Ndime 41 inena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wofika ku khoti kuti nkhani yake imvedwe ndi kuthetsedwa. Ndime 42 inena za munthu womangidwa: auzidwe chifukwa chimene wamangidwira m'chinenero chimene amva, ali ndi ufulu wokhala chete, aonekere ku khoti asanathe maola 48, kapena pa tsiku loyamba limene khoti likhala ngati maolawo athera pa tsiku lopuma, apatsidwe belo pokhapokha ngati pali chifukwa chomveka chomukanizira, ayesedwe wosalakwa kufikira mlandu utamupeza, azengedwe poyera, m'nthawi yoyenera, ndipo ngati chilungamo chifuna kutero, Boma limupezere loya ndi womasulira ndi ndalama zake.

Wina adzati, "Amenewo ndi mawu a pa pepala." Ndiyankha ndi milandu imene inachitikadi. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, Bwalo Lalikulu linagamula kuti n'kulakwa kukakamiza woweruza kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka ndi mlandu wakupha osamva kaye mmene zinthu zinakhalira; ndipo kuyambira mu 2015 akaidi amene anagamulidwa motero anamvedwanso, oposa 100 natuluka m'ndende. Mu 2009, pa mlandu wa Masangano, mkaidi anasumira Boma chifukwa cha kuthithikana m'ndende, ndipo khoti linavomereza kuti kusunga anthu motero ndi nkhanza yosayenera munthu.

Koma mlandu umene ndiukonda koposa ndi wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo. Mu Malichi 2015 iye analawirira m'mbandakucha kupita ku Limbe kukachita malonda ake, ndipo apolisi anamugwira pa mlandu umene tonse tiudziwa ndi dzina lakuti vakabu. Lamulo limenelo linachokera ku lamulo la ku England la 1824, ndipo kwa zaka zambiri linali kugwira amphawi oyenda pansi, osagwira konse oyenda pa galimoto. Mothandizidwa ndi maloya, iye anatsutsa lamulolo ku Bwalo Lalikulu, ndipo pa 10 Januwale 2017 oweruza atatu anagamula kuti ndime imene anamumangira isemphana ndi malamulo a dziko. Munthu wa majumbo anagwetsa lamulo limene linapirira maboma onse kuyambira nthawi ya atsamunda.

Ndipo ndani wa ife angaiwale mlandu wa chisankho cha pa 21 Meyi 2019? Kwa miyezi ingapo mlanduwo unali kumveka pa wailesi, ukumasuliridwa m'Chichewa, kotero kuti amayi pa chigayo ndi anyamata a kabaza anali kukambirana za mapepala ofufutidwa ndi Tipp-Ex monga maloya. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu, a Potani, a Kamanga, a Madise, a Tembo ndi a Kapindu, anafika ku khoti ku Lilongwe moperekezedwa ndi asilikali, nawerenga chigamulo chawo kuyambira m'mawa kufikira usiku, nathetsa chisankho cha mtsogoleri wa dziko. Bwalo la Apilo linavomereza pa 8 Meyi, ndipo anthu anavotanso pa 23 Juni. Mu Africa muno ndi Kenya yokha imene inachitapo zotere ife tisanachite, mu 2017. Sindinena za chipani chimene chinapambana, pakuti Bungwe lathu si la ndale. Ndinena kuti mkangano umene ukanatha kukhetsa mwazi wambiri unathera pa mapepala ndi umboni, ndipo anthu anaukhulupirira chifukwa anaumva okha ndi makutu awo, m'chinenero chawo.

Zotchinga pa njira

Ngati khoti lingathe kuchita zazikulu chotere, nanga mayi wamasiye uja analepheranji? Ndiona zotchinga zisanu.

Choyamba ndi mtunda. Munthu wa kumapeto kwa boma lino ayenera kulipira ulendo wake ndi wa mboni zake, ndi kusiya munda wake tsiku lonse; ndipo mlandu ukakhala wa Bwalo Lalikulu, ulendowo ndi wa kumzinda.

Chachiwiri ndi ndalama. Maloya ndi ochepa poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, ndipo ambiri a iwo akhala m'mizinda ikuluikulu. Mtengo wawo mlimi wa chimanga sangaufikire.

Chachitatu ndi chinenero. Malamulo athu alembedwa m'Chingerezi, ndipo mabuku a khoti alembedwa m'Chingerezi. Womasulira alipo, inde, koma mawu akadutsa pakamwa pa munthu wina amataya kanthu panjira. Ndaonapo munthu akuvomera mlandu poganiza kuti ali kungovomera kuti analipo pamalopo.

Chachinayi ndi kuchedwa. Tinena kuti mlandu suola, ndipo n'zoona. Koma mboni zimamwalira, zimasamuka, zimaiwala, ndipo munthu wokhala pa rimandi amaonda ali kudikira. Malamulo a kazengedwe ka milandu anakonzedwa mu 2010 naika malire a masiku amene munthu angasungidwe mlandu wake usanayambe, koma womangidwa wosadziwa malirewo sangawafunse. Ndiponso chigamulo cha Masangano chija sichinathetse kuthithikana m'ndende zathu, chimene chitiphunzitsa kuti kupambana mlandu ndi ntchito ina, ndipo kuona kuti chigamulo chatsatidwa ndi ntchito inanso.

Chachisanu chili mwa ife eni: mantha ndi kusadziwa. Ambiri tiopa khoti monga tiopa manda. Munthu akalandira samani amabisala, osadziwa kuti kusapita ndiko kumugwetsa. Amene anaona zinthu ndi maso akana kuchitira umboni, ati asadane ndi anansi. Ena apereka ndalama kuti mbale wawo atuluke m'chitokosi, pamene belo ya kupolisi ndi yaulere. Ndipo wopereka chiphuphu asadziyese wosalakwa, pakuti iye ndiye aphunzitsa wolandirayo kuti mawa akamufinye mnzake wosauka.

Zotchinga zimenezi zikachuluka, anthu ataya mtima nayamba kuweruza okha. Tamva za oganiziridwa kuba otenthedwa ndi moto, ndi za nkhalamba zophedwa poganiziridwa ufiti. Gulu lokwiya silifunsa mboni, silimva mbali yachiwiri, ndipo likalakwitsa palibe apilo yodzutsa wakufa. Umenewo ndi mwabvi wabwereranso m'chovala china. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ena mwa inu mwandiuzapo kuti mankhwala ake ndi kubwezera mphamvu zonse kwa mafumu. Ndiyankha mwaulemu pamaso pa mafumu athu ali pano. Ntchito imene agwira poyanjanitsa anthu pa nkhani za malire a minda, za mabanja ndi za ngongole zazing'ono ndi yaikulu, ndipo popanda iwo makhoti akanamira m'milandu. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la makhoti a m'madera mu 2011, koma ambiri analiopa pokumbukira mbiri ija, ndipo kwa zaka zambiri linangokhala m'buku. Ine ndiganiza kuti makhoti apafupi ndi ofunika, malinga akhale ndi malire odziwika, alembe zigamulo zawo, ndipo wosakhutira akhale ndi njira ya apilo. Koma milandu ya kupha, ya kugwirira ndi ya kuipitsa ana siyenera kuthera pamudzi ndi mbuzi. Mbuziyo adya ndi akuluakulu, bala likhala ndi mwana.

Kumene thandizo lipezeka

Njira zilipo, ngakhale zili zopapatiza. Pali bungwe la Boma la Legal Aid Bureau, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, limene linayamba ntchito mu 2015. Ntchito yake ndiyo kupereka uphungu ndi maloya kwa anthu osatha kulipira. Pali alangizi a malamulo amene si maloya, amene kuyambira chaka cha 2000 ayenda m'ndende ndi m'mapolisi kuphunzitsa omangidwa mmene angapemphere belo. Ndipo nthawi zina majisitireti amapita kukakhala m'ndende momwemo kuti aone amene akhalitsa pa rimandi. Wolakwiridwa ndi ofesi ya Boma angadandaule kwa Ombudsman popanda kulipira. Wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo ayambe ku ofesi ya zantchito, ndipo zikakanika apite ku khoti la milandu ya pantchito, kumene munthu angathe kudzilankhulira yekha. Safunsa anadya phula.

Zimene ndipempha Bungwe lichite

Bambo Wapampando, kulira kokha sikumanga nyumba. Ndiika pamaso pa msonkhano uno mfundo zisanu kuti mamembala azikambirane.

Yoyamba: pa zopereka zathu za pachaka tipatuleko gawo lina likhale thumba la maulendo a kukhoti, lothandiza amasiye ndi osauka pamodzi ndi mboni zawo. Tili nalo kale thumba la maliro. Tithandizenso amoyo asanafe ndi chisoni.

Yachiwiri: tisankhe mamembala atatu odziwa kulemba, mmodzi wa iwo akhale mayi, amene adzasunga buku la anthu a kwathu okhala pa rimandi, tsiku limene anagwidwa ndi tsiku limene ayenera kuonekera ku khoti, ndi kulembera akuluakulu oyenera pamene masiku apitirira. Ine ndidzipereka kukhala mmodzi wa iwo ngati mudzandifuna.

Yachitatu: tiitane mlangizi wa malamulo kawiri pa chaka adzatiphunzitse m'Chichewa, ndipo mafumu ndi ankhoswa adzakhale patsogolo.

Yachinayi: membala aliyense amene ali ndi nyumba, munda wogula kapena ziweto alembe wilo chaka chino chisanathe, isainidwe pamaso pa mboni ziwiri, ndipo asunge bwino malisiti ndi makalata onse. Nkhanga zinapangana kusanapse. Mwamuna wa mayi uja akanasiya pepala limodzi lokha, abale ake sakanalimba mtima chotero.

Yachisanu: pamene mmodzi wa ife ali ndi mlandu, ena timuperekeze tikakhale pa mabenchi a khoti. Khoti ndi malo a anthu onse, ndipo kupatula milandu ina monga ya ana, palibe angatiletse kumvera. Kumene kuli maso ambiri fayilo sisowa kawirikawiri, ndipo wosauka salankhula monjenjemera akaona nkhope za kwawo kumbuyo kwake.

Mayi uja akali moyo, ana ake akali kugona m'nyumba yodontha, ndipo malata aja ali padenga la munthu wina. Ndinakamuona sabata yatha, ndipo ndinamufunsa ngati angabwererenso ku khoti Bungwe litamulipirira ulendo ndi kumuperekeza. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Ngati sindipita ndekha, ndipita." Chotero ndipempha kuti mlandu wake ukhale woyamba kulembedwa m'buku lathu.